KUPATSA NKUIKA, KOMA TIKUIKA M'MANJA MWA YANI?

Tonsefe tikulidziwa tsiku limeneli. Nthawi ya zolengeza yakwana, ndipo mlembi wa mpingo waimirira ndi mapepala ake. Pakati pa zolengezazo pali chimodzi chonena kuti mwezi wamawa kudzakhala kuyenda ndawala, pofuna kupeza ndalama za thumba lothandizira ana amasiye, amayi amasiye, okalamba ndi odwala a m'dera lathu. Mlembi akupempha kuti banja lililonse litenge fomu. Anthu ali chete, ena awerama ngati akupemphera. Koma tikatuluka panja, pansi pa mtengo paja timapatsiranapo moni, funso limene silinafunsidwe m'tchalitchi limayamba kumveka monong'ona: "Nanga za chaka chatha zija zinapita kuti?"

Funso limeneli si lamwano ayi, ndipo amene amalifunsa si anthu oumira. Munthu yemweyo amene akuzengereza kutenga fomu ya ndawala, mawa kukagwa maliro m'mudzi adzanyamula ufa m'mbale, mtolo wa nkhuni pamutu ndi kandalama kamene anamanga pansonga ya chitenje, osadikira kuti wina amuuze. Chimene chimauma pakati pathu si manja, koma kukhulupirirana. Makolo athu anati kupatsa nkuika, ndipo ananena zoona. Komatu woika chinthu amayamba wayang'ana pamene akuikapo. Palibe munthu amene amathira chimanga chake m'nkhokwe yobooka pansi. Chotero mwezi uno tafuna kuti tikambirane za kusonkha ndalama zothandizira osowa: chimene chimatsegula manja a anthu, chimene chimawatseka, ndi chimene ife makolo pamodzi ndi achinyamata tingachite kuti thumba la chifundo la kwathu likhale lamoyo.

OSOWA ALI PAKHOMO PATHU

Zaka zapitazi zakhala zowawa. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsetsereka kuchokera m'phiri la Soche nkukwirira nyumba za ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ndipo ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje midzi ndi minda zinakokoloka. Anthu oposa 600 anafa, mazana ena sanapezeke, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala nakaunjikana m'masukulu ndi m'matchalitchi. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pangozi chifukwa cha ng'amba imene inawononga mbewu m'minda.

Pa nthawi zotere thandizo lochokera kutali limabwera, ndipo timayamika. Boma nalo lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene inayambira ku Mchinji mu 2006, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Koma ndondomekoyi imafikira mabanja owerengeka okha m'mudzi, ndipo malole a chithandizo ali ndi tsiku lawo lobwera ndi tsiku lawo lobwerera. Fumbi la malolewo litazilala, gogo wolera zidzukulu zinayi amakhala akadali pomwepo. Amene amadziwa kuti denga lake likudontha, kapena kuti mdzukulu wake wasiya sukulu chifukwa chosowa yunifolomu ndi makope, ndi anansi ake: amayi a Chigwirizano kapena a Mvano, atumiki a mpingo, komiti ya m'mudzi yoyang'anira ana amasiye, ndi amayi ophika phala kusukulu ya mkombaphala. Magulu ang'onoang'ono amenewa alibe galimoto, alibe ofesi, alibe wowalipira. Chuma chawo chonse ndicho kukhulupiriridwa ndi anthu a m'dera lawo. Chuma chimenecho chikatha, gulu limafa, ndipo amene amavutika si komiti ayi, koma gogo uja.

PHUNZIRO LA CHAKA CHA 2021

Tiyeni tikumbukire Januwale 2021, pamene mliri wa Covid-19 unakula m'dziko muno. Pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, ndipo zipatala zinadzaza ndi anthu obanika. M'masiku omwewo wodwala wina, ali chigonere m'chipatala china chachikulu, analemba pa Facebook kuti akulephera kupuma. Mpweya m'masilinda unalipo, koma panalibe kachipangizo kotulutsira mpweyawo kuti ufike kwa iye. Anapempha aliyense amene angathe kuti athandize. Patapita masiku ochepa anamwalira.

Kulira kwakeko kunafika kwa Bambo Stanley Onjezani Kenani, mlembi wa nthano ndi ndakatulo amenenso ntchito yawo ndi yowerengera ndalama, ndipo panthawiyo ankakhala ku Ulaya. Iwo pamodzi ndi anzawo ena anayambitsa thumba la nzika wamba logulira zipangizo zimene zinkasowa m'zipatala za boma. Silinali bungwe lakale lodziwika. Linali gulu la anthu ongodzipereka. Koma m'masabata ochepa ndalama zinapitirira K100 miliyoni, zochokera kwa anthu a m'dziko muno ndi kwa Amalawi okhala kunja, olemera ndi osauka omwe. Ndalamazo zinagula masilinda a mpweya, zipangizo zotulutsira mpweya ndi katundu wina wa m'chipatala.

Kodi chinatsegula manja a anthu nchiyani? Chisoni chinalipo, inde, koma chisoni chokha sichisunga anthu kwa masabata ambiri. Chimene chinachitika nchakuti gululi linkaonetsa poyera, kawirikawiri, ndalama zimene zalowa, zinthu zimene zagulidwa, mtengo wake, ndi kumene zaperekedwa. Wopereka kandalama kochepa ankatha kuona ndi maso ake kuti kandalama kake kafika pabedi la wodwala. Ataona, ankaperekanso, nauza mnzake kuti nayenso apereke.

Nthawi yomweyo dziko linali kufunsa za K6.2 biliyoni imene boma linatulutsa kuti ithandize kulimbana ndi mliri womwewo. Kafukufuku wa owerengera chuma cha boma, amene zotsatira zake zinatuluka mu Epulo 2021, anaonetsa kuti gawo lina la ndalamazo linagwiritsidwa ntchito molakwika. Nduna ina inachotsedwa pa udindo ndipo anthu ena anamangidwa. Taonani tsono: dziko limodzi, anthu amodzi, mliri umodzi, koma matumba awiri. Lina linali lotsegula ndipo anthu ankalithamangira. Lina linali lomanga pakamwa ndipo linabala mkwiyo. Sitikukumbutsa zimenezi kuti tiloze ena chala, pakuti nthenda yomweyo imapezekanso m'makomiti athu ang'onoang'ono. Tikukumbutsa kuti tione poyera kuti anthu athu amapereka mowolowa manja pamene akuona kumene chopereka chawo chikupita.

NZERU IMENEYI SI YACHILENDO

Wina angaganize kuti kuonetsa mabuku a ndalama poyera ndi mwambo wa kumaofesi. Iyayi, ndi mwambo wa kwathu konkuno. Pamaliro pamakhala munthu wa kope, amene amalemba aliyense wopereka chipepeso, kaya ndi ndalama, ufa kapena nkhuku. Mwambo wa maliro usanathe, zoperekazo zimalengezedwa pamaso pa amfumu ndi khamu lonse. Paukwati napo, ndalama za perekaniperekani zimawerengedwa ndi anthu angapo, ndipo zonse pamodzi zimalengezedwa anthu asanabalalike. Palibe amene amati kuteroko nkunyoza eni maliro kapena eni ukwati. Tonse timadziwa kuti ndalama za gulu zimawerengedwa pagulu. Nanga bwanji mwambo wabwino chotere timausiya pakhomo la tchalitchi pamene tikusonkhera amasiye?

M'Malembo namonso nkhaniyi ilimo. Mtumwi Paulo anayendetsa msonkho waukulu wothandizira osauka a mumpingo wa ku Yerusalemu, ndipo m'mene anauyendetsera timawerenga pa 1 Akorinto 16 ndi pa 2 Akorinto 8 ndi 9. Analangiza kuti munthu aliyense aziika padera kanthu tsiku loyamba la sabata iliyonse, monga mwa kupeza kwake, kuti pasadzakhale kusonkha kwa phuma iye atafika. Sanafune kunyamula ndalamazo yekha. Anati mpingo usankhe anthu amene ukuwakhulupirira kuti akapereke mphatsoyo, ndipo potuma Tito anamutuma pamodzi ndi abale ena, mmodzi wa iwo wosankhidwa ndi mipingo yomwe, kuti pasapezeke munthu wowanenera zoipa pa chuma chimenecho. Ngati Paulo anaona kuti nkofunika kukhala ndi mboni, kodi msungichuma wa kwathu angakhumudwe bwanji tikamupatsa anzake owerenga naye? Pa Machitidwe a Atumwi 6 timamvanso kuti mumpingo woyamba munabuka madandaulo akuti amayi amasiye a gulu lina ankalambalalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakalipire odandaulawo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna asanu ndi awiri a mbiri yabwino, ena mwa iwo Stefano ndi Filipo, kuti ayang'anire ntchitoyo. Madandaulo anabala dongosolo.

ZIMENE TINAONA NDI MASO ATHU

Pampingo wina umene tinkapempherapo zaka zapitazo panali thumba la chifundo limene linayamba bwino kwambiri. Msungichuma wake anali bambo wofatsa, wokondedwa ndi aliyense, ndipo chifukwa cha ulemu panalibe amene ankalimba mtima kumufunsa za mabuku. Ndalama ankasunga kunyumba kwake. Dzinja lina litayandikira, feteleza ali pamsika koma iye m'thumba mulibe, anabwerekako pang'ono ndi mtima wakuti adzabweza akagulitsa mbewu zake. Posakhalitsa komiti yomanga inabwerekanso zina kuti imalize kugula malata a tchalitchi, nayonso ndi lonjezo lakuti idzabweza. Chaka chimenecho mvula inadula msanga, ndipo panalibe amene anabweza.

Komiti ya chifundo inali italonjeza mayi wina wokalamba kuti idzamufolerera nyumba mvula isanayambe. Mayiyo anadikira. Mvula yoyamba inagwa, yachiwiri inagwa, ndipo usiku wina khoma la nyumba yake linagwa. Anapulumuka, koma dzinja lonse anagona m'khitchini ya mnansi wake pamodzi ndi zidzukulu zake. Nkhani inamveka m'dera lonse. Chaka chotsatira mbale ya chifundo inkayenda m'mabenchi nkubwerera yopepuka, ndipo panatha zaka thumbalo lisanadzukenso. Msungichuma uja, chifukwa cha manyazi, analeka kubwera kutchalitchi.

Tikaganiza za nkhaniyi lero, timaona kuti mlandu sunali wa bamboyo yekha. Unali wa ife tonse. Ndife amene tinamusiya yekha ndi ndalama za gulu m'nyumba imene munali ana ofuna kudya. Ndife amene tinachita manyazi kufunsa, kuiwala kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tinataya zinthu zitatu nthawi imodzi: nyumba ya mayi wokalamba, thumba la osowa, ndi mbale wathu. Malamulo osungira ndalama saikidwa chifukwa chakuti msungichuma ndi wakuba. Amaikidwa kuti munthu wabwino asagwe m'mayesero, ndi kuti dzina lake likhale loyera pamaso pa anthu.

NJIRA ZOSONKHERA: TIYAMBE TAWERENGERA

Njira zopezera ndalama tili nazo zambiri: ndawala, pepa Sande, ukwati woyerekezera, chikondwerero cha makwaya, masika, ndi munda wa gulu. Iliyonse ili ndi ubwino wake. Ndawala imadziwitsa anthu a m'misewu ndi m'misika kuti gulu lilipo, ndipo chikondwerero cha makwaya chimasonkhanitsa achinyamata. Koma tisanakonze mwambo uliwonse tiyambe takhala pansi ndi pensulo. Tiyerekeze kuti pa tsiku la ndawala mwasonkhedwa K1,000,000. Ngati tinasindikiza matisheti a K300,000, tinabwereka zokuzira mawu ndi jenereta pa K150,000, tinaphikira alendo chakudya cha K150,000, nkulipira galimoto K100,000, ndiye kuti osowa atsala ndi K300,000 yokha. Tavina tsiku lonse m'dzina la amasiye, koma amasiyewo alandira nyenyeswa. Mwambo umene ukudya ndalama zambiri kuposa zimene ukusiya suli wothandiza osowa. Ndi phwando lathu.

Tichenjerenso ndi malonjezo. Mlendo wolemekezeka angathe kuimirira, kulonjeza ndalama zambiri, anthu nkululutira, koma miyezi nkutha komiti ikungoyenda kukagogoda pakhomo pake. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Lonjezo lilembedwe patsamba lakelake, ndipo lisawerengedwe ngati ndalama kufikira litalowa m'thumba. Koposa zonse, tisalonjeze wosowa chinthu potsamira ndalama imene sitinaigwire.

Njira imene sikhala ndi phokoso ndiyo kawirikawiri imapindula kwambiri. Tiyerekeze mpingo wa kumudzi wa mabanja 200, ndipo pokolola banja lililonse lapereka ndowa imodzi ya chimanga. Popeza ndowa zitatu zimatsala pang'ono kudzaza kapena kudzaza kumene thumba la makilogalamu 50, mpingowo upeza matumba pafupifupi 60. Matumba amenewa angathe kuthandiza mabanja 20, thumba limodzi pamwezi, m'miyezi itatu ya njala ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Palibe tisheti imene yasindikizidwa, palibe jenereta imene yabwerekedwa. Chofunika ndi malo ouma osungira, ndi mankhwala kapena matumba osalowa mpweya oteteza chimangacho kwa anankafumbwe. Mpingo wa m'tauni umene anthu ake salima ungathe kuchita chimodzimodzi ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi. Koma ndalamazo zisagone. Tinaona mu 2023 m'mene kwacha imafookera ili chikhalire m'buku. Nkwanzeru kugula chimanga mu Meyi kapena mu Juni pamene chili chotsika mtengo, kusiyana ndi kudikira Januwale pamene aliyense akuchifuna.

Tisaiwalenso kuti chopereka si ndalama yokha. Bungwe la Mary's Meals, limene anayambitsa Magnus MacFarlane-Barrow wa ku Scotland, linayamba kupereka phala kwa ana 200 m'dziko muno mu 2002, ndipo pofika mu 2023 linali kudyetsa ana a sukulu oposa 1 miliyoni m'Malawi muno. Ndalama zogulira ufa zimachokera kwa anthu a m'mayiko ambiri, ochuluka a iwo anthu wamba opereka pang'onopang'ono. Koma amene amalawirira m'mamawa kukatunga madzi, kusonkha moto ndi kutakasa phalalo ndi anthu a m'midzi yomweyo, makamaka amayi, ndipo salipidwa. Popanda manja awowo, ufa ukanangokhala m'matumba. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Amene alibe ndalama ali ndi khasu, ali ndi nkhuni, ali ndi tsiku limodzi pamwezi.

MALAMULO OSUNGIRA THUMBA

Gulu lililonse losonkhera osowa, kaya ndi la mpingo kaya ndi la m'mudzi, lingachite bwino kugwirizana pa mfundo izi ndi kuzilemba lisanalandire ndalama yoyamba.

1. Ndalama ziwerengedwe pamalo pomwepo, tsiku lomwelo, ndi anthu osachepera atatu, ndipo onse asayine papepala losonyeza zimene zapezeka.

2. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Zisungidwe kubanki m'dzina la gulu, ndipo potapa pafunike anthu awiri kapena atatu osayina, amene si a banja limodzi.

3. Ngati anthu akupereka kudzera pafoni, monga pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, nambala yake ikhale ya gulu, osati imene munthu amagwiritsanso ntchito pa zosowa za pakhomo pake. Mauthenga a ndalama zolowa azikoperedwa m'kope.

4. Chinthu chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti. Pamene wogulitsa alibe lisiti, monga pamsika wa kumudzi, alembe dzina lake ndi mtengo m'kope la gulu pamaso pa mboni.

5. Thumba la osowa lisabwerekedwe ndi munthu aliyense kapena komiti iliyonse, ngakhale pa ntchito yabwino yotani. Malata a tchalitchi ali ndi thumba lawo, ndipo mphatso yotsanzikira mtsogoleri ili ndi thumba lake.

6. Mwezi uliwonse, kapena pakatha miyezi itatu, lipoti liwerengedwe pamaso pa anthu onse ndi kumatidwa pakhoma: zolowa, zotuluka ndi zotsala.

7. Pakutha pa chaka anthu awiri amene sali m'komiti aone mabuku, ndipo maudindo akhale ndi nyengo yake, kuti pasakhale munthu wokalambira pampando wa msungichuma.

Mfundo zimenezi sizifuna maphunziro apamwamba. Zimafuna kope limodzi, cholembera, ndi kulimba mtima kwa kufunsa mwaulemu.

ULEMU WA WOLANDIRA

Kuonetsa mabuku poyera sikutanthauza kuonetsa osowa poyera. Masiku ano chizolowezi chakula chakuti popereka thumba la ufa timaimika mayi wamasiye kutsogolo, kumujambula, nkumwaza chithunzi chake pa Facebook ndi pa WhatsApp asanafunsidwe nkomwe. Mwana wamasiye amene walandira yunifolomu pamaso pa sukulu yonse, mawa anzake amamuseka. Tiyeni tidzifunse: ife tikanakhala pamalo pawo, tikanakonda kuti umphawi wathu uonedwe ndi dziko lonse? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lipoti lingathe kunena kuti mabanja angapo alandira chimanga chochuluka mwakuti, ndipo mayina awo nkukhala m'kope limene oona mabuku okha angaliwerenge.

Posankha olandira, komiti iyende m'makomo, imve kwa amfumu ndi kwa anansi, ndipo isamangoyang'ana a mpingo wake okha, pakuti njala sifunsa kuti munthu amapemphera kuti. Membala wa komiti amene m'bale wake ali pamndandanda atuluke panja pamene anzake akukambirana za m'baleyo. Ndipo tiwafunse eni akewo chimene akusowa. Mwina ife tikuganiza za bulangeti, pamene gogo akulakalaka mbewu ndi munthu womulimirako mizere ingapo kuti chaka chamawa asadzapemphenso.

MAWU KWA ACHINYAMATA NDI KWA MAKOLO

Achinyamata, ntchito imeneyi ndi yanunso. Nthawi zambiri timakukumbukirani pofuna onyamula mabenchi ndi oimba pandawala basi, ndipo pamenepo ife akuluakulu timalakwa. Inu ndinu amene mumadziwa masamu a kusukulu ndi kagwiritsidwe ntchito ka foni. Pemphani kuti mmodzi kapena awiri a inu akhale m'komiti, azithandiza kulemba kope ndi kukonza lipoti. Muli ndi mphamvu zoumba njerwa, zomweta udzu, zofolera denga ndi zokumba chimbudzi cha munthu wokalamba. Loweruka limodzi la achinyamata khumi lingathe kuchita zimene ndalama zambiri zikanachita. Ndipo mukaona kuti lipoti lachedwa, funsani mwaulemu koma mosaopa. Kufunsa za ndalama za gulu si chipongwe.

Makolo anzathu, mwana amaphunzira kupatsa poona, osati pomva chabe. Popita kukapereka ndowa ya chimanga, mutengeni mwanayo anyamuleko. Pokayendera wodwala, apite nanu. Mumuuze chifukwa chake banja lanu likupatula kanthu mwezi ndi mwezi ngakhale kuti nanunso simuli olemera. Komanso aone kuti mukabwerako kogula zinthu za gulu mumabweza chenji chonse pamodzi ndi lisiti. Msungichuma wokhulupirika wa zaka zikudzazo akuleredwa lero m'nyumba zathu.

Mwezi wamawa mlembi adzaimiriranso ndi mapepala ake. Pempho lathu kwa mipingo ndi magulu onse ndi ili: asanalengeze ndawala yatsopano, ayambe wawerenga lipoti la ndawala yakale. Anene zimene zinalowa, zimene zinagulidwa, mabanja angati anathandizidwa, ndi zimene zinatsala. Ngati penapake panalakwika, anene momwemo, ndipo mpingo ukonze pamodzi mwachikondi. Funso lija la pansi pa mtengo likayankhidwa m'tchalitchi, mafomu sadzakwanira. Pamenepo gogo wolera zidzukulu uja adzagona m'nyumba yosadontha mvula yoyamba isanagwe, ndipo ife tidzadziwa kuti zimene tinapatsa tinaikadi pamalo pabwino.